Mfumu Imene Ndinakana Kusema

Chesi ndinaiphunzira nditakula kale, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Anatiphunzitsa ndi mphunzitsi wina wa ku Chipata amene anadzagwira ntchito pasukulu yathu kuno ku Magodi. Sanakhalitse. Posamuka anatisiyira chesi yake yapulasitiki, koma bolodi inali yakatoni, ndipo denga litadontha m'kachipinda kosungira mabuku a nyimbo, inafufuma n'kung'ambika pakati.

Masiku amenewo ndinali mlaliki panyumba yathu ya mapemphero. Sindine m'busa, kusukulu ya ubusa sindinapondeko. Ndine mlimi wa chimanga ndi nsawa. Abusa athu amakhala ku boma ku Lundazi ndipo ali ndi nyumba za mapemphero zambiri zoyendera, kotero masabata ambiri guwa limasiyidwa m'manja mwa ife anthu wamba amene akulu a mpingo atiloleza. Ntchito imeneyo ndinkaikonda kuposa munda wanga. Ndikaima kutsogolo n'kutsegula Malemba, nthawi zonse ndinkaona ngati ndapatsidwa mphatso. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe chimene ndinaika pachiswe chifukwa cha kamtengo kosakwana chala.

Chaka chimenecho tinasintha chitseko cha kachipinda ka akulu. Chakalecho chinali cha mukwa, chodyeka kumunsi koma cholimba pakati. Ndinachipempha, ndinadula kodyekako ndi sowo yobwereka, n'kuyamba kulemba tizipinda ndi pensulo. M'lifupi munalowa mizere isanu ndi itatu, monga chesi ifunira. M'litali munalowa khumi. Mwini sowo anali ataitenga kale, komanso mtima unandiwawa kudula mukwa wabwino n'kuutaya. Ndinapaka tizipinda tonse.

Chesi yathu inakhala yonenepa kuposa ya mphunzitsi uja. Mbali iliyonse inasowa asilikali awiri kutsogolo ndi akuluakulu awiri kumbuyo. Asilikali sanavute, tinaika zotsekera mabotolo. Za kumbuyozo tinakangana masana onse. Pomaliza tinagwirizana kuti chinthu chatsopanocho chiziyenda sitepe imodzi kumbali iliyonse, monga mfumu, koma chikadyedwa masewera azipitirira. Chimodzi chinaima pambali pa mfumu, china pambali pa mfumukazi. Posowa choimikapo tinadula zitsononkho za chimanga, za akuda tinaziwaula pamoto, ndipo dzina linangokhala lomwelo. Munthu wamkulu ankatha kunena osaseka n'komwe kuti, “Chotsani chitsononkho chanu, chikudyedwa.”

Zapulasitiki zija zinkatha chimodzichimodzi. Kavalo anathyoka khosi, nsanja ina inangosowa. Ine ndakhala ndikusema mipini ndi mithiko kuyambira unyamata, ndiye chikasowa ndinkasema china, oyera ndi mtengo wa malaina, akuda ndi zidutswa za mukwa zopaka polishi wa nsapato. Tinkasewera Loweruka masana pakhonde la tchalitchi, tikamaliza kusesa ndi kukonza mabenchi.

Pa osewerawo nditchule awiri. Woyamba ndi mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, mkulu wa mpingo, mwini golosale ya pamsewu. Ndi munthu wopatsa, malata ambiri a denga la tchalitchi anagula ndi iye. Pa chesi ankathamangira oyera nthawi zonse, ndipo ankasewera mmene amayankhulira, mofulumira ndi mosayang'ana kumbuyo. Wachiwiri ndi mnansi wanga woweta ng'ombe. Iyeyu anamwa kachasu zaka zambiri, anthu ankamutola m'ngalande. Anali atangobwerera mumpingo, ankakhala benchi yakumbuyo, ndipo anthu anali asanaiwale. Pa tonsefe ndiye ankaidziwa chesi. Ankakonda akuda, ati amafuna aone kaye zimene mnzake akuganiza.

Madandaulo anayamba ndi amayi ena a chigwirizano, kenako mkulu wina wokalamba anawanyamula. Ati pakhonde la nyumba ya Mulungu pali ziboliboli, ati amuna akuluakulu akukuwa kuti ndadya bishopu, ati zikununkha juga. Ndalama sitinaikepo ndi tsiku limodzi lomwe, koma nkhani inafika pabwalo la akulu. Ndinali wokonzeka kunyamula chitseko changa n'kupita nacho kwathu. Ndisanatero mlamu anafika panjinga, thukuta kamukamu, ine ndikusenda nsawa pakhonde.

“Monire, alamu. Mwatandala uli?”

“Makora. Khalani pansi, njingayo sithawa.”

“Nkhani ija ndaithetsa,” iye anatero asanakhale n'komwe. “Chesi sichoka patchalitchi. Tingoibatiza chabe.”

“Madzi alipo m'ndowa umo.”

“Musaseke, alamu, mverani. Akulu akudana ndi mayina. Manje tisinthe mayinawo, akhale masewera ophunzitsa chikhulupiriro. Mfumu ya oyera ikhale Ambuye mwini, muiseme yaitali, mtanda woonekera patali. Mfumukazi ndi Mpingo, mkwatibwi uja. Mabishopu akhale abusa, asilikali ndi ife Akhristu. Chitsononkho chanu chija, chamanyazi chija, chikhale mngelo. Mumuike mapiko.”

“Nanga akuda?”

“Akuda ndi gulu la mdyerekezi. Mfumu yawo muiike nyanga. Mabishopu awo ndi aneneri onyenga, zitsononkho zawo ndi ziwanda. Akulu ndawafotokozera, akondwa onse, ngakhale madala aja. Atsala ndi inu osema.”

Ndinamuuza kuti mtengo ukasemedwa subwerera, ndiye tiyambe tayesa masewera amodzi ndi mayina atsopanowo, pa ziboliboli zomwe tinali nazo. Anavomera mokondwa. Anadya nsawa zanga zodzadza dzanja, n'kukwera njinga.

Loweruka lotsatira khonde linadzaza. Akulu anakhala pabenchi, amayi ena anaimirira chapatali atagwira matsache. Mlamu anatenga oyera. Kwa akuda kunakhala mnansi wanga, monga mwa masiku onse, ndipo palibe anaganizapo kawiri, ngakhale ine.

Poyamba zinakoma. Mlamu anakankha msilikali n'kutembenukira kwa anthu. “Mwaona? Mkhristu amapita kutsogolo chabe, sabwerera m'mbuyo.” Akulu anagwedeza mitu. Ine ndemwe ndinati mumtima, apa pali ulaliki. Anatulutsa m'busa wake, anafotokoza za kuweta nkhosa. Anasuntha mngelo, anafotokoza za otisunga panjira. Pofotokoza zonsezo sankayang'ana bolodi.

Mnansi wanga anatambasula dzanja mwakachetechete, chiwanda chake n'kudya mngelo. Patapita kanthawi mneneri wonyenga anadya m'busa. Mlamu anati nthawi zina mpingo umadutsa m'mayesero. Kenako Mpingo womwewo unadyedwa ndi kavalo wakuda. Pamenepo mkulu wina pabenchi, pofuna kupeputsa zinthu, anati, “Musadabwe. Aneba athuwa mbali imeneyo amaidziwa bwino, anagwirako ntchito zaka zambiri.”

Anthu anaseka. Mnansi wanga sanadzutse mutu. Anasuntha nsanja yake mpaka mzere womaliza, n'kunena motsitsa kuti, “Cheki. Palibe kothawira.”

Mphunzitsi uja anatisiyira mwambo umene tinkausunga ndithu. Wogonja amagoneka mfumu yake ndi chala, kenako awiriwo amagwirana chanza. Dzanja la mlamu linapita lokha mwachizolowezi, chala chinakhudza kamtanda ka pamutu pa mfumu, ndipo chinaima pomwepo. Anakumbukira dzina limene anali atangoipatsa. Anabweza dzanja n'kuliika pabondo.

“Masewerawa sanathe,” anatero.

“Atha, alamu,” ndinamuyankha.

“Yayi. Pali lamulo limene sitinaliike. Akuda asamapereke cheki yomaliza. Akafika pafupi azibwerera. Nanga pa mapeto a zonse woipayo sagonja? Tikuphunzitsa choona apa.”

Mnansi wanga anafunsa, “Ndiye ine ndizisewera kuti ndiluze?”

“Muzisewera kuti anthu aphunzire, aneba.”

“Yewo,” iye anatero. Anaimirira, anavala chipewa. “Ndikaone ng'ombe.”

Akulu anayamba kukambirana za lamulo latsopanolo ngati kuti n'lanzeru. Wina anati mwina oyera azipatsidwa angelo anayi. Mlamu anandifunsa kuti kusema kutenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa ankafuna akaonetse chesi yachikhristuyo kumsonkhano wa achinyamata ku boma.

“Sindisema,” ndinatero.

“Mwati bwanji?”

“Ndati sindisema. Mukufuna ndikupangireni fano, kenako tizinamizana Loweruka lililonse kuti lisagwe.”

Liwu lakuti fano linawabaya. Ndinaliona likulowa. Mkulu wokalamba uja anaimirira ndi ndodo yake, ati ndanyoza bwalo. Ndinanyamula chitseko changa pamutu, ziboliboli m'thumba la feteleza, ulendo wakwathu.

Panjira ndinadzifunsa ngati ndayankhula ndi mkwiyo chabe. Mkwiyo unalipo, koma pansi pake panali chinthu cholimba chimene sichinasunthe mpaka lero. Mfumu ya chesi ndimaidziwa. Ndi yamantha. Imabisala pakona kumbuyo kwa asilikali, aliyense amafa kuti iyo ikhale moyo, ndipo zikavuta imathawa sitepe imodzi imodzi. Ambuye amene ine ndimamulalikira sanabisale kumbuyo kwa munthu. Anatuluka yekha kukakumana ndi omugwira, anapempha kuti anzake awasiye apite, n'kufa iye kuti ife asilikali wamba tikhale moyo. Anagonekedwa pansi kamodzi, mwa kufuna kwake, osati chifukwa mwini golosale waiwala kuyang'ana kavalo. Kupatsa kamtengo kothawathawa kaja dzina lake n'kulalikira uthenga wina, ndipo Malemba amanena mosabisa za wolalikira uthenga wina.

Panalinso lamulo lija la zosemasema limene tonse tinaloweza tili ana. Kavalo wamtengo ndi kavalo wamtengo, palibe amamuopa. Koma chala cha mlamu chitaima pamwamba pa kamtanda kaja, ndinaona munthu akuopa mtengo umene ine ndinausema ndi mpeni wanga. Amayi aja ankadandaula za mafano pamene panalibe fano. Tsopano bwalo linkandituma kuti ndiwapangire lenileni.

Loweruka linalo mnansi wanga sanabwere kwathu, ngakhale ndinamutumizira mawu kuti chitseko chili pakhonde langa. Ndinamupeza kukhola akumanga mpanda.

“Chesi ndasiya, aneba,” anatero osandiyang'ana. “Dzina lija la mdyerekezi kumowa ankanditchanso. Koma kumeneko akakutcha amakugulira botolo.”

Mawu amenewo anandiopsa. Ndinamuuza kuti munthu wobatizidwa sakhala mbali ya mdyerekezi, ngakhale pa masewera, ngakhale kwa masana amodzi. Ndinati ndisema chesi ina yonse, yopanda mfumu, yopanda bishopu, yopanda chilichonse chimene munthu angachigwadire kapena kuchitemberera. Mbali ziwirizo zikhale makomo awiri oyandikana, ngati lake ndi langa, ndipo zonse zikhale za pakhomo. Koma mayina sindingawathe ndekha.

Anamangabe mpanda wake kanthawi. Kenako anati, “Nsanja ija ndi ngolo. Ng'ombe zikakoka ngolo sizidziwa kukhota.” Anamanga luzi lina. “Kavalo kuno munamuonapo? Chodumpha mpanda ndi mbuzi. Taonani zimene ndikuchita panozi.”

Madzulo ake anabwera. Tinakhala pakhonde, mkazi wanga akupeta chimanga pafupi. Bishopu sanatichedwetse. Amayenda chopingasa, ngati munthu wa njinga amene wasiya msewu n'kudulira kanjira ka pakati pa minda, ndiye anakhala njinga. Asilikali anakhala nkhuku, zimayenda pang'onopang'ono n'kujompha cham'mbali. Chitsononkho chija, chimene mlamu ankafuna kuchipatsa mapiko, chinakhala galu. Sapita patali, amazungulira pakhomo, ndipo amaluma mbali zonse.

Pa mfumukazi ndinati ikhale mayi wa pakhomo, poti ndiye amafika paliponse. Ndinkayesa ndikumusangalatsa mkazi wanga. Anaika lichero pansi.

“Ndiye muzikhala apa muzikuwa kuti ndadya amayi anu? Mwakana kugoneka Ambuye, mukufuna muzigoneka ine?”

“Nanga tiike chiyani, amayi?”

“Chimene chimachokera kutali n'kutola mwanapiye inu mukuyang'ana. Kabawi.”

“Kabawi ngwa pakhomo?”

“Pakhomo pano sachoka. Mufunse nkhuku zanga.”

Ndinakumbutsa kuti msilikali akafika mzere womaliza amasanduka mfumukazi, ndiye nkhuku izisanduka kabawi. Mnansi wanga anati zimenezo asadandaule nazo munthu, iye anaonapo zosintha zoposa pamenepo.

Mfumu ndinaisankha ndekha. Ndinkafuna chinthu chimene banja lonse limachiteteza, chimene chikagwa pakhomo patha, koma chosapatulika. Ndinati nkhokwe. Mnansi wanga anaseka koyamba kuchokera tsiku lija.

“Nkhokwe imayenda?”

“Yanu ija chiswe chitalowa pansi tinainyamula ndani? Sitepe imodzi, n'kutula, n'kupuma.”

“Imayenda,” anavomera.

Kusema kunandipatsa ntchito. Nkhokwe sinavute, kathupi kozungulira, kadenga kosongoka. Galu ndinamusema atakhala, makutu ali tcheru. Njinga ndiyo inandisautsa. Mateyala awiri ankathyoka, chishalo chokha chinkafanana ndi mutu wa mbuzi moti tinasokoneza masewera awiri. Pomaliza ndinasema teyala limodzi loimirira pakamtengo, ndipo aliyense ankalizindikira. Kabawi ndinamupatsa mlomo wokhota basi, mapiko ndinawasiya. Sindinafune kuti wina adzamuone n'kunena kuti ndi mngelo.

Mkazi wanga anandichenjeza ndikupala ngolo yomaliza. “Adumbu anga, alamu anuwo, mumawadziwa. Analengeza kale m'tchalitchi kuti chesi yachikhristu ikubwera. Sabwerera. Akuchotsani paguwa.”

“Ndikudziwa.”

“Mukhoza kupirira? Inu amene mumadwala mukakhala sabata ziwiri osalalikira?”

“Sindikudziwa.”

“Chabwino. Malaya oyera aja ndiwachapa, mukavale popita kubwalo. Musakaoneke ngati wolakwa.”

Bwalo linakumana tsiku limene abusa anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku boma. Abusa athu ndi munthu wofatsa, wotopa ndi misewu. Atapemphera anandifunsa ngati n'zoona kuti ndakana ntchito imene akulu anandituma. Ndinati n'zoona. Ndinatulutsa nkhokwe yoyera m'thumba n'kuiimika patebulo.

Mkulu wokalamba uja anaiyandikiza kumaso. “Tinakutumani mfumu, mwabweretsa nkhokwe.”

“Imeneyo ikagwa ndi njala, adada. Si mwano.”

Ena anaseka, mlamu sanaseke. Anati nkhani si ya nkhokwe. Anati ndinatchula bwalo lonse kuti ndi opembedza mafano, pamaso pa amayi, pakhonde la tchalitchi. Anati mlaliki amene samvera akulu angaphunzitse bwanji ena kumvera.

“Sindinati ndinu opembedza mafano, alamu. Ndinati mukundituma fano. Chala chanu chinakana kuligoneka lisanasemedwe n'komwe. Likadzakhala ndi mtanda wautali chidzatani?”

“Chala changa chisakukhudzeni.”

“Ndiye ndifunse china. Kwa akuda kuzikhala ndani? Inu?”

Ndinayang'ana akulu onse mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pansi.

Abusa anaitembenuza nkhokwe ija m'manja nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti anamva zimene ndinkanena. Koma m'busa wa nyumba zambiri amadalira akulu kuti nyumbazo ziime iye kulibe, ndipo sangawagwetse chifukwa cha masewera. Anati tipeze njira yapakati. Ndiseme mfumu ya mtanda koma dzina lisatchulidwe mokweza. Ndiime pamaso pa mpingo ndibweze liwu lija la fano. Zikatero nkhani yatha, ndipo sabata yotsatira guwa ndi langa.

Ndinapempha kamphindi. Sindinatuluke, ndinangotseka maso pomwepo. Ndinaganiza za guwa lija, thabwa lake losalala pamene ndinkagwira, nkhope za amayi okalamba a kutsogolo amene amayankha ulaliki ndi kubuula. Ndinalifuna kwambiri. Ndinapempha Mulungu kuti ngati kukana kwanga n'kunyada andionetse, ndigonje pomwepo. Chimene ndinaona ndi anyamata atatu aja a m'Malemba ataima pamaso pa chifanizo chagolide, nyimbo zikulira, aliyense akuwauza kuti n'kugwada kamodzi chabe.

“Abusa,” ndinatero, “pa kukweza mawu pamaso pa amayi ndikupepesa, ndipo ndikhoza kupepesa pamaso pa mpingo. Akulu awa ndi akulu anga. Akandituma kuumba njerwa ndiumba, akandituma kukumba manda ndikumba. Koma liwu lija sindibweza, chifukwa ndi loona. Ndipo mfumu ija sindisema, kaya dzina litchulidwe mokweza kaya monong'ona.”

“Mukudziwa chimene chitsatire?”

“Ndikudziwa.”

Ananditulutsa panja kuti akambirane. Atandiitana, mlamu ndiye ananena chigamulo, maso ali pakhoma. Ndaimitsidwa kulalikira mpaka nditabweza mawu anga. Mgonero sanandiletse. Ndinathokoza, ndinatenga nkhokwe yanga m'manja mwa abusa, n'kutuluka.

Sabata yoyamba inandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinakhala pakati pa amuna anzanga, mnyamata wina wa kusekondale akulalikira, ndipo pakamwa panga pankayenda pokha kumaliza mavesi amene iye ankawadula pakati. Anthu ena anandilambalala potuluka. Mayi wina wa chigwirizano, mmodzi wa oyambitsa madandaulo aja, anandigwira dzanja mwamphamvu. Sindinadziwe ngati akundipepesa kapena akundikhululukira, ndipo sindinafunse.

Mlamu sanagonje. Anapeza wosema ziboliboli ku boma, anamulipira, ndipo chesi yachikhristu inafika m'bokosi lokongola. Ndinaiona. Ntchito yake ndi yabwino kuposa yanga, angelo ali ndi nthenga zowerengeka, mdyerekezi ali ndi nyanga ndi mchira. Anaiyala pakhonde la tchalitchi Loweruka, anthu anaizungulira n'kuiyamikira. Mlamu anakhala kwa oyera n'kuitana woti asewere naye. Amuna anakankhana zigongono. Wina anati mkazi wake sangamulole, wina anati ali ndi mwana wodwala kunyumba ndiye sangagwire zinthu zanyanga. Kumsonkhano wa ku boma inapita, inabwerako, ndipo tsopano ili m'kabati pamodzi ndi nsalu za patebulo la Mgonero. Wosesa amaopa kuisuntha.

Pakhonde langa timasewera. Amabwera ochepa, ena amadzera kuseri kuti asadutse pagolosale. Mnansi wanga amatengabe akuda ndipo amandigonjetsa kawirikawiri. Galu wake ndi woopsa kuposa kabawi. Ndikagonja ndimagoneka nkhokwe yanga ndi chala, mtima uli m'malo, n'kumupatsa dzanja. Kumowa sanabwerere. Sindinena kuti ndi chesi yamusunga, womusunga ndikumudziwa.

Ndi mlamu timaonana pamaliro ndi paukwati, timapatsana moni wonse, ndipo mchere ndimagulabe kwa iye. Mvula yagwa ndi kuleka kangapo ine ndisanaime paguwa. Abusa akabwera amanditengera pambali pansi pa mtengo wa mango. Ulendo wathawu anati zakusema aziiwala, palibe akuzifunanso. Chatsala ndi liwu limodzi lija basi. Ndingonena pamaso pa mpingo kuti silinali fano, ndinalakwitsa, ndipo sabata yomweyo ndilalikira.

“Ndi liwu limodzi chabe, adada,” anatero. “Tikukusowani.”

Ndinawauza kuti nanenso ndikulisowa guwa, kuposa mmene angaganizire. Ndinati akatsegule kabati ija, atulutse mfumu ya mtanda, aigoneke patebulo ndi chala pamaso pa akulu onse, n'kuisiya chigonere mpaka bwalo litatha. Akatero popanda wina kuthamangira kukaidzutsa, ndidzaima pamaso pa mpingo n'kuvomera kuti unali mtengo chabe.

Abusa anaseka pang'ono, anapukuta magalasi awo, n'kunena kuti akaganizira. Anakwera njinga yamoto kubwerera ku boma. Sabata ino akulalikira ndi mlamu, ndipo ine ndikakhala pabenchi yachitatu, ndikayimba besi, ndipo pamene anene zoona ndikavomera ameni.